Ma CPU akulimbirana loko pa kernel 6.1, kodi ndisinthe pm_qos_lock?

kabodi_kanga

Moni akuluakulu. Ndili ndi kabodi ka ARM64 ka ma CPU 8, anayi aang'ono a Cortex-A55 ndi anayi aakulu a Cortex-A76, kakuyenda pa kernel 6.1. Kumene kakagwire ntchito kulibe magetsi a pa nthambo, n'kodalira batire la sola, ndiye kakamadya moto mosayenera timaonera pa batire kukacha.

Driver ndinalemba ndekha, wa kachipangizo kotolera ma data kamene kali pa PCIe. Kali ndi ma queue 8, CPU iliyonse queue yake. Ma request sabwera mwandondomeko ayi, amakhuthuka ambirimbiri nthawi imodzi, kenako zii, kenako akhuthukanso, ndipo pa sekondi amakwana masauzande. Buffer ya kachipangizoka ndi yaing'ono, moti CPU ikachedwa kudzuka ma data amatayika. N'chifukwa chake queue iliyonse ndinaipatsa `pm_qos_request` yake (pempho la QoS, louza kernel malire a nthawi imene CPU ingachedwe kudzuka). Request ikamalowa ndimaitana `pm_runtime_get_sync()` ndi `cpu_latency_qos_update_request()` n'kuika malire a ma microsecond 50. Ikatha ndimaitana `pm_runtime_put_autosuspend()`, ndipo queue ikakhala yopanda kanthu ndimabwezera malire aja pa `PM_QOS_DEFAULT_VALUE`.

Cholinga chinali chakuti ma CPU azigona tulo tofa nato mpata uliwonse ukapezeka. Koma kabodi kakutentha, kakudya moto kuposa pamene ndangosiya malire a 50 aja osawachotsa n'komwe, ndipo pa `perf top` (chida choonetsa kumene nthawi ya CPU ikuthera) pamwamba pakukhala `_raw_spin_unlock_irqrestore`, pansi pake `queued_spin_lock_slowpath`.

Ndatsegula kernel/power/qos.c ndipo ndaona kuti muli spinlock (loko amene CPU imamudikira ili maso) mmodzi yekha wa makina onse, `pm_qos_lock`. Kodi ndikamusandutsa rwlock kapena mutex kulimbiranaku kutha? Kapena ndimugawe kuti CPU iliyonse ikhale ndi loko wake? Kusunga patch yangayanga pa kernel sindikuopa, bola batire lizifika m'mawa.

gogo_root

Musanathyole loko wa eni ake, dziwani kaye amene akulimbiranidwayo. `perf top` yanuyo ikukunamizani pang'ono. Pa arm64, ngati simunayatse pseudo-NMI (interrupt yodutsa ngakhale ena ali otseka), interrupt imene perf amawerengera nayo imadikira mpaka ma interrupt atatsegulidwanso, ndiye nthawi yonse imene inathera mkati mwa `spin_lock_irqsave` imalembedwa pa `_raw_spin_unlock_irqrestore`. Dzinalo silikuuzani kuti loko wake ndi uti, kapena wamugwira ndani.

Kuyambira 5.19 kernel ili ndi ma tracepoint a `contention_begin` ndi `contention_end`, ndiye pa 6.1 mutha kungolemba `perf lock contention -a -b sleep 10` ntchito ili mkati. Ngati BPF ikuvuta pa kabodiko, mangani kernel ina yoyesera yokhala ndi `CONFIG_LOCK_STAT`, mulembe 0 mu /proc/lock_stat kuti mufufute zakale, muyendetse ntchito, muwerenge. Muyang'ane `contentions` ndi `waittime-total`. Kernel ya choncho imayenda pang'onopang'ono, manambala ake musawakhulupirire ndendende, koma maina a maloko amatuluka bwino.

Chinanso chaulere: werengani /proc/interrupts kawiri, driver wanu ali chete komanso akugwira ntchito, muone mzere wa IPI0 uja wa Rescheduling interrupts (IPI ndi interrupt imene CPU imatumizira inzake). Mubwere mutiuze.

kabodi_kanga

Zikomo gogo, ndachita. Lock_stat ikuonetsa maloko atatu pamwamba: woyamba `tick_broadcast_lock`, wachiwiri `pm_qos_lock`, wachitatu `&dev->power.lock` wa kachipangizo kanga. Maloko a `rq` (mzere wa ntchito zodikira CPU iliyonse) akuonekanso cha m'munsi. IPI0 ikuthamanga ngati yapenga pa ma CPU onse 8, ngakhale amene queue yawo ili chete. Chikundizunguza mutu ndi woyambayo. Driver wanga sakhudza tick broadcast pena paliponse, nanga wabwera bwanji pamwamba?

mlonda_wa_idle

Achimwene, wamubweretsa ndi driver wanu yemweyo, kungoti wadzera kuseri. Tsegulaninso qos.c, mutsike mpaka pa `cpu_latency_qos_apply()`. Ndi ka function ka mizere yochepa: kamaitana `pm_qos_update_target()`, ndipo yankho likasonyeza kuti malire a makina onse asintha, kamaitana `wake_up_all_idle_cpus()`. Vuto lanu lonse lagona pa mzere umenewo.

Tsatirani zimene zimachitika gulu limodzi la ma request likabwera. Ma queue onse ali chete, malire palibe, ma CPU ambiri alowa m'tulo tatikulu tija ta PSCI (njira imene kernel imapemphera firmware kuzimitsa CPU). Request yoyamba yalowa pa queue ina, mwaika 50. Malire a makina onse ndi nambala yaing'ono kwambiri mwa zopempha zonse, ndiye asintha, ndipo kernel iyenera kudzutsa CPU iliyonse yogona kuti isankhenso kagonedwe kogwirizana ndi malire atsopanowo. Pa CPU iliyonse yogona imagwira loko wa `rq` yake n'kuitumizira IPI. Amenewo ndiwo maloko a `rq` mukuwaonawo, komanso IPI0 yopenga ija. Gulu latha, queue yomaliza yachotsa 50, malire asinthanso, onse adzutsidwanso. Ndiye kuti gulu lililonse la ma request, ngakhale likhale la request imodzi, likudzutsa makina onse kawiri.

Tsono tick broadcast. Yang'anani mu device tree ya kabodi kanu, pa `idle-states`. Ndikubetcha kuti state yakuyayo ili ndi `local-timer-stop`. Mawu amenewo akunena kuti CPU ikalowa mmenemo timer yake imazimira limodzi nayo. CPU yopanda timer singadzidzutse yokha nthawi ikakwana, ndiye isanagone imadzilembetsa kwa timer ina yogawana, imene imadzutsa aliyense pa nthawi yake. Kulembetsako kumachitika mu `tick_broadcast_enter()`, kudzichotsa mu `tick_broadcast_exit()`, ndipo zonsezi zimagwira `tick_broadcast_lock`, mmodzi wa makina onse. Mkati mwa lokoyo mulinso ntchito ndithu: kuika CPU pa mask, kuzimitsa timer yake, ndipo ngati nthawi yake yodzuka ili pafupi kuposa ya anzake, kukonzanso timer yogawanayo. Timer yogawanayo ikalira, handler yake imagwiranso loko yemweyo kwinaku ikuyendera ma CPU onse olembetsa.

Masiku onse zimenezi sizivuta chifukwa CPU iliyonse imagona ndi kudzuka pa nthawi yake. Inu mwawayanjanitsa. Mukaika 50, onse amatuluka m'tulo tatikulu nthawi imodzi, onse kufuna loko. Mukachotsa 50, onse amadzuka pa WFI (tulo topepuka) nthawi imodzi, governor (gawo la kernel losankha kagonedwe) wa aliyense aona kuti tsopano n'kololedwa kupita pansi, onse kufunanso loko. Ndipo amalimbirana ma interrupt ali otseka. Pa laputopu ya x86 simukanaziona zimenezi, chifukwa ma CPU a masiku ano kumeneko ali ndi `arat` mu /proc/cpuinfo, timer yawo sizima akagona.

Kutentha kuja n'komwekonso. State iliyonse yakuya ili ndi `min-residency-us`, nthawi imene CPU iyenera kukhalamo kuti moto umene yawononga polowa ndi potuluka ubwezeke. Mukaidzutsa nthawiyo isanakwane, mwalipira ulendo wonse osapindulapo kanthu. N'chifukwa chake kusiya 50 osaichotsa kukukupatsani zotsatira zabwino kuposa kuyatsa ndi kuzimitsa.

Za kusintha mtundu wa loko, ndikuti ayi pa zonse zitatu.

Rwlock amathandiza pamene owerenga ndi amene akuchuluka. Pano owerenga sagwira loko n'komwe. Governor wa cpuidle, kaya menu kaya teo, amawerenga malirewo kudzera pa `cpu_latency_qos_limit()`, imene mapeto ake ndi `READ_ONCE` pa nambala imodzi. Amene amagwira `pm_qos_lock` ndi olemba okha, ndipo olembawo ndi ma queue anu 8. Pa rwlock wolemba aliyense amalowabe yekha, mungowonjezera kulemera. Mutex ndiye musayerekeze pa `tick_broadcast_lock`: amagwiridwa ndi idle task ma interrupt ali otseka, ndipo idle task singagone kudikira loko, chifukwa iyo ndiyo imatsala ena onse akagona. Kugawa `pm_qos_lock` kuti CPU iliyonse ikhale ndi wake sikuthandizanso, poti chimene akutetezacho ndi chimodzi, mndandanda wa zopempha zonse ndi nambala yaing'ono yotulukamo. Ngakhale mutapeza nzeru yolemba popanda loko, `wake_up_all_idle_cpus()` ikhalapobe.

Zili ngati mzere wa pa mjigo pamene aliyense akubwera ndi kapu m'malo mwa ndowa. Mutha kusintha chogwirira cha mjigowo kangapo konse, mzere sutha. Chepetsani maulendo.

Njira yake siyatsopano. Driver wa i915 ali ndi kanthu kotchedwa `intel_wakeref`, mu drivers/gpu/drm/i915/intel_wakeref.c, kochita ndendende zimene mukufunazi. Chotsani ma `pm_qos_request` 8 aja, musiye imodzi ya driver yense. Muike `atomic_t` imodzi yowerengera ntchito zimene zili mkati, mutex mmodzi, ndi `delayed_work` imodzi. Polowa:

```
if (atomic_inc_not_zero(&d->active))
        return 0;
mutex_lock(&d->pm_mtx);
if (!atomic_read(&d->active)) {
        ret = pm_runtime_resume_and_get(dev);
        if (ret)
                goto out;
        cpu_latency_qos_update_request(&d->qos, 50);
}
smp_mb__before_atomic();
atomic_inc(&d->active);
out:
mutex_unlock(&d->pm_mtx);
```

Potuluka:

```
if (atomic_add_unless(&d->active, -1, 1))
        return;
queue_delayed_work(system_wq, &d->release, delay);
```

Chinsinsi chili pa womaliza kutuluka: iye satsitsa nambala kufika pa 0, amasiyira `delayed_work` kuti imugwirire malo. Request ina ikabwera nthawi isanakwane ipeza 1, ikweza kukhala 2, sigwira loko aliyense. Work ija ikadzuka iyese kaye `atomic_add_unless` yomweyo. Ikapeza kuti muli anthu, ingochotsa gawo lake n'kuchoka, womaliza watsopano adzaiitananso. Ikapeza 1, igwire mutex, ichite `atomic_dec_and_test`, ndipo ikafikadi pa 0 ichotse malire a QoS n'kuitana `pm_runtime_put_autosuspend()`. Barrier ija musaiiwale, apo ayi CPU ina itha kuona nambala yakwera isanaone kuti kachipangizo kadzuka. Njira ya mutex ikufuna process context, koma poti mukuitana kale `pm_runtime_get_sync()` pamalo omwewo, ndiye kuti muli bwino.

Phindu lake mutha kuliwerengera pa pepala. Ndi delay ya ma millisecond 10, malire sangayatsidwe ndi kuzimitsidwa kupitirira ka 100 pa sekondi, kaya ma request akhale angati. Loko wachitatu uja athanso nthawi yomweyo. Ambiri sadziwa kuti `pm_runtime_get_sync()` imagwira `dev->power.lock` ulendo uliwonse, ngakhale kachipangizo kali maso kale: imakweza `usage_count`, igwira loko, iona kuti ndi `RPM_ACTIVE`, ibwerera. Musathamangire `pm_runtime_get_if_in_use()` poganiza kuti ndi yopepuka, nayonso imagwira loko yemweyo.

Wina abwera kudzanena kuti `atomic_t` imodzi ndi cache line imodzi yoponyerana pakati pa ma CPU 8. N'zoona. Block layer inathana nazo ndi `percpu_ref`: `q_usage_counter` imawerengedwa pa CPU iliyonse payokha, ndipo `blk_pre_runtime_suspend()` ikafuna kudziwa ngati mulibe ntchito imayamba yaisandutsa atomic, kenako n'kufunsa ngati ili pa 0. Kusandutsako kumadikira RCU (kudikira kuti owerenga onse amene anayamba kale amalize), n'kolemera. Pa seva ya ma CPU mazana ndi NVMe n'koyenera. Pa ma CPU 8 ndi ma request masauzande pa sekondi, atomic imodzi siidzaoneka n'komwe pa perf. Ine sindingadzivutitse.

nachisale_fw

Ndikugwirizana ndi amlonda pa zonse, koma ndifunse funso limene palibe wafunsa: n'chifukwa chiyani ma CPU onse 8 akuyenera kudzuka mkati mwa ma microsecond 50? Amene akuyenera kufulumira ndi amene akulandira interrupt ya kachipangizo basi. Ndi wakeref ija kulimbirana kutha, inde, koma nthawi yonse imene mwagwira malire, makina onse amakhala pa WFI, kuphatikizapo ma A76 anayi amene ndiwo amadya moto kwambiri. Pa batire la sola zimenezo si zazing'ono.

Queue pa CPU iliyonse ndi kamangidwe kochokera ku ma seva. Yesani ma queue awiri, ma interrupt ake muwamangirire pa ma A55 awiri, ndipo malire muike pa ma CPU awiriwo okha. Kernel ili nayo kale njira: `dev_pm_qos_add_request()` pa `get_cpu_device(cpu)` ndi `DEV_PM_QOS_RESUME_LATENCY`. Musanalembe code mutha kuyesa pamanja, polemba 50 mu /sys/devices/system/cpu/cpu0/power/pm_qos_resume_latency_us. Governor amatenga nambala yaing'ono pakati pa malire a makina onse ndi a CPU imeneyo. Koma musaisandutse chinthu choyatsa ndi kuzimitsa pa request iliyonse, chifukwa imadutsa pa mutex wa makina onse, `dev_pm_qos_mtx`, kenako pa `pm_qos_lock` yemwe uja. Ikani kutolera ma data kukayamba, chotsani kukatha. Ma A55 awiri okhala pa WFI nthawi yonseyo angakhale otsika mtengo kuposa ma CPU 8 ogonagona mwa apo ndi apo, koma zimenezo akuuzeni ndi mita pa nthambo ya batire, osati ine.

Onaninso ngati 50 ija munaiwerengera kapena munangoisankha. Nambala imene governor amayerekeza nayo ili mu cpuidle/state1/latency, ndipo ngati device tree ilibe `wakeup-latency-us`, nambalayo ndi entry ndi exit kuphatikiza. Gawani kukula kwa buffer ndi liwiro la ma data, muone nthawi yeniyeni imene muli nayo. Ikaposa nambala ya mu state1, malire simukuwafuna n'komwe.

Chenjezo limodzi, poti ndikudziwa maganizo amene amabwera usiku: musachotse `local-timer-stop` mu device tree kuti `tick_broadcast_lock` asowe. Asowadi, koma timer izizimabe, kungoti kernel sidziwa. CPU igona osadzuka mpaka interrupt ina itaigunda mwangozi, ndipo muyamba kuona ma RCU stall osadziwika kochokera. Ngati mukufuna kungoona kuti state yakuyayo ikukhudza bwanji manambala, lembani 1 mu cpuidle/state1/disable, muyese, mubwezere.

gogo_root

Onjezerani ichi: mu /proc/timer_list muone dzina la Broadcast device. Likakhala `bc_hrtimer`, ndiye kuti kabodi kanu kalibe timer yapadera yogawana, kernel ikugwiritsa ntchito timer ya CPU imodzi kudzutsira anzake, ndipo CPU imeneyo siloledwa kupita pansi pa nthawiyo. Mukaona CPU ina ili ndi `usage` yochepa pa state1 musadabwe, si driver wanu.

kabodi_kanga

Zikomo kwambiri nonse. Ndalemba wakeref ija monga mwanenera amlonda, ndi delay ya ma millisecond 10. `pm_qos_lock` ndi `dev->power.lock` asoweratu pa mndandanda, `tick_broadcast_lock` watsikira pansi, IPI0 yadekha, ndipo kabodi kazizira. Buffer ndaiwerengera, aNachisale, nthawi yake ndi yocheperadi kuposa nambala ya mu state1, ndiye malire akufunikabe. Za ma queue awiri pa ma A55 ndiyesa kenako chifukwa zikufuna kusintha kagawidwe ka ma MSI-X (ma interrupt a PCIe). Broadcast device ndi `bc_hrtimer`, gogo.

Ndatsala ndi mafunso awiri. Pamwamba pa lock_stat tsopano pakubwera `update_lock` wa schedutil (wosankha liwiro la ma CPU), ngakhale manambala ake ndi aang'ono poyerekeza ndi aja. Ndikweze `rate_limit_us`? Ndipo delay ija, 10 ndangoitola. Ndisankhe bwanji yoyenera?

mlonda_wa_idle

`rate_limit_us` sikuthandizani pamenepo. Ma CPU amene amayendera liwiro limodzi ali pa policy imodzi, muwaone mu cpufreq/policy0/related_cpus, ndipo scheduler ikanena kuti katundu wasintha pa CPU iliyonse mwa amenewo, `sugov_update_shared()` imayamba yagwira `update_lock`, kenako ndiye imafunsa ngati nthawi yosinthira liwiro yakwana. Mukakweza nambalayo muchepetsa kusintha kwa liwiro, koma loko azigwiridwabe chimodzimodzi. Amalimbiranidwa ndi ma CPU a cluster imodzi okha, ndipo ntchito ya mkati mwake ndi yaifupi. Pa mndandanda payenera kukhala wina pamwamba. Ngati `waittime-total` yake ili yochepa, musiyeni.

Pa delay, yambani mwaona `CONFIG_HZ`. `delayed_work` imawerenga ma jiffies, ndipo pa HZ ya 250, imene ili mu defconfig ya arm64, jiffy imodzi ndi ma millisecond 4, ndiye 10 yanuyo ikukhala 12. Kenako ikani tracepoint pamene `active` ikutsikira kwa womaliza ndi pamene request yotsatira ikulowa, mutolere mipata ya pakati pake pa ntchito yeniyeni ya kumundako, osati ya pa desiki. Kawirikawiri mipatayo imagawikana pawiri, yaifupi ya mkati mwa gulu ndi yaitali ya pakati pa magulu, ndipo delay iyenera kungopitirira yaifupiyo pang'ono. Muiike pa module parameter kuti muziisintha osamanganso driver, muyese 4, 12 ndi 40 mita ili pa batire. Autosuspend delay ya kachipangizo ndi nkhani ina, ikhale yaitali kuposa imeneyi chifukwa kudzutsa PCIe kuchokera pa D3hot (tulo ta kachipangizo) kokha kumadikira ma millisecond 10.